Akachisi ndi Mapiri a ku Bhutan: Mafunso ndi Mayankho

Bhutan ndi dziko laling'ono la m'mapiri a Himalaya, lopanikizika pakati pa India kummwera ndi chigawo cha Tibet, chomwe chili m'manja mwa China, kumpoto. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 38,394, ndipo anthu ake sakwana miliyoni imodzi. Kumalire a kummwera kuli zigwa zotentha za nkhalango zowirira, pomwe kumpoto kuli nsonga zopitirira mamita 7,000 zimene chipale chofewa sichichokapo chaka chonse. Alendo okaona malo anayamba kuloledwa kulowa m'dzikoli mu 1974, ndipo ambiri amapitako kukaona zinthu ziwiri: akachisi a Chibuda ndi mapiri. Kwa eni dziko, ziwirizi sizilekanitsidwa. Kachisi amamangidwa pomwe phiri lili ndi mbiri yopatulika, ndipo phiri limalemekezedwa chifukwa cha amene akukhulupiriridwa kuti amakhalamo.

Kodi Chibuda chinafika bwanji m'mapiri amenewa?

Chipembedzochi chinayamba ndi Siddhartha Gautama, amene anabadwira ku Lumbini, m'dziko lomwe lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Otsatira ake amamutcha Buddha. Phata la chiphunzitso chake ndi lakuti moyo uli ndi mavuto, kuti mavutowo amabadwa chifukwa cha chilakolako ndi kukakamira zinthu zosakhalitsa, ndi kuti munthu angathe kumasuka potsata njira ya khalidwe labwino, kusinkhasinkha ndi nzeru. Kuchokera ku India chiphunzitsochi chinafalikira mbali zosiyanasiyana n'kutenga maonekedwe osiyananso. Chibuda chimene ena anachionapo ku Amitofo Care Centre ku Blantyre ndi cha mwambo wa ku China. Cha ku Bhutan ndi cha mwambo wa ku Tibet, wotchedwa Vajrayana, wokhala ndi miyambo yambiri, magule, zithunzi ndi mapemphero obwerezabwereza.

Akachisi akale kwambiri m'dzikoli ndi Kyichu Lhakhang ku Paro ndi Jambay Lhakhang ku Bumthang. Mbiri ya eni ake imati onse awiri anamangidwa m'zaka za m'ma 600 ndi mfumu ya ku Tibet, Songtsen Gampo, ngati gawo la akachisi 108 amene anakhomerera pansi chiwanda chachikazi chomwe chinagona mopingasa dera lonselo. Koma munthu amene dzina lake mlendo adzalimva tsiku lililonse ndi Padmasambhava, yemwe anthu a kumeneko amamutchula kuti Guru Rinpoche. Iye anali mphunzitsi wa m'zaka za m'ma 700. Nkhani zake zimati sanathamangitse mizimu ya m'mapiri, m'nyanja ndi m'mapanga imene anthu ankaipembedza kale, koma anaigonjetsa n'kuilumbiritsa kuti ikhale yoteteza chiphunzitso cha Buddha. Apa ndi pomwe pagona chinsinsi cha dziko lonseli: chipembedzo chatsopano chinalowa m'malo opatulika akale, ndipo mapiri anakhalabe ndi eni ake.

Amene analumikiza zigwa zosiyanasiyana kukhala dziko limodzi ndi Zhabdrung Ngawang Namgyal, mtsogoleri wa amonke amene anathawa ku Tibet mu 1616 chifukwa cha mkangano wa utsogoleri. Iye anakhazikitsa ulamuliro wa mbali ziwiri, ya chipembedzo ndi ya boma. Ufumu womwe ulipo lero unayamba mu 1907 pomwe Ugyen Wangchuck analongedwa kukhala mfumu yoyamba.

Kodi nyumba zonse zopatulikazo ndi akachisi?

Ayi, zilipo za mitundu inayi, ndipo mlendo akaidziwa amamvetsa msanga chimene akuona. Lhakhang ndiye kachisi weniweni, nyumba yokhala ndi guwa, zifaniziro ndi zithunzi za pakhoma. Goenpa ndi malo okhala amonke, kawirikawiri kutali ndi midzi. Chorten ndi chipilala, kawirikawiri chopanda khomo, chimene mkati mwake amasungamo zinthu zopatulika. Nthawi zambiri munthu salowamo, amangochizungulira. Mtundu wachinayi, womwe ndi wodziwika kwambiri, ndi dzong.

Dzong ndi linga lalikulu la makoma oyera, okhuthala pansi n'kumapendekera mkati akamakwera, lokhala ndi mzere wofiira chakumtunda ndi nsanja pakati. Zhabdrung anamanga malinga otere kuti adziteteze ku magulu ankhondo ochokera ku Tibet, kuyambira ndi Simtokha mu 1629. Chochititsa chidwi n'chakuti mpaka lero dzong imagwira ntchito ziwiri: mbali ina muli maofesi a boma la chigawocho, mbali ina mukukhala amonke. Kalaliki wa boma ndi mmonke wamng'ono amalowera pa khomo limodzi. Amisiri akale ankamanga ndi miyala, dothi lotsendera ndi matabwa olowetsana, ndipo anthu amati sankagwiritsa ntchito misomali.

N'chifukwa chiyani akachisi ambiri ali pamalo ovuta kufikapo?

Zifukwa zake n'zingapo. Malinga anaikidwa pa zitunda ndi pokumana mitsinje kuti alonda aziona mdani akadali kutali. Nyumba za amonke zinaikidwa kutali kuti wosinkhasinkha apeze bata. Mpaka lero alipo amene amadzipatula kwa zaka zitatu osaonana ndi abale awo. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti malowo sanasankhidwe ndi omanga. Kachisi amatsata phanga limene woyera mtima wina anakhalamo, thanthwe limene akuti anasiyapo chidindo cha phazi kapena cha thupi lake, kapena kasupe amene akuti anatumphuka pa mawu ake. Ngati phangalo lili pakati pa phompho, kachisi amamangidwa pomwepo. Kuvuta kwa njira sikuonedwa ngati chopinga: opembedza amakhulupirira kuti thukuta la paulendo limatsuka zoipa ndi kuonjezera zabwino zimene munthu adzakolola m'moyo uno kapena wotsatira.

Kodi Taktsang n'chiyani, ndipo munthu amafikako bwanji?

Paro Taktsang ndi kachisi amene chithunzi chake chimaimira dziko lonse la Bhutan. Wamatirira pa thanthwe loongoka, mamita pafupifupi 900 pamwamba pa chigwa cha Paro, ndi mamita 3,120 kuchokera pa nyanja yamchere. Wowerenga wa ku Malawi akumbukire kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002. Kachisiyu ali pamwamba kuposa pamenepo, chikhalirecho amonke amagona ndi kudzuka pomwepo.

Nkhani yake imati Guru Rinpoche anafika pa thanthweli akuuluka pa msana pa kambuku wamkazi wa mizeremizere, nakhala m'phanga kusinkhasinkha mpaka atagonjetsa mizimu ya m'deralo. Kwa zaka mazana ambiri panali phanga lokhalo, lomwe aphunzitsi otchuka ankabwera kudzapempheramo. Kachisi anamangidwa mu 1692 ndi Gyalse Tenzin Rabgye, yemwe ankalamulira dzikolo nthawi imeneyo. Mu Epulo 1998 moto unanyeketsa gawo lalikulu la nyumbazi pamodzi ndi zithunzi zakale, ndipo ntchito yomanganso, imene boma ndi mfumu anaitsogolera, inatha mu 2005.

Galimoto imathera m'munsi mwa phiri, m'nkhalango ya mitengo ya paini. Kuchokera apo ndi wapansi. Munthu wamphamvu zake amakwera maola awiri kapena atatu, ndipo kupita ndi kubwera kumadya pafupifupi tsiku lonse ngati sakuthamanga. Chapakati pa njira pali nyumba yomwera tiyi pomwe kachisi amaonekera bwino kutsidya kwa phompho. Amene miyendo yakana amathera pamenepa, ndipo sanataye ulendo. Mahatchi obwereka amafika chapomwepa basi, ndipo potsika aliyense amayenda yekha. Gawo lomaliza ndi lomwe limayesa mtima: njira imafika pamalo oyang'anizana ndi kachisi, kenako imatsika masitepe mazanamazana kulowa m'khwawa momwe mathithi amagwera pansi pa kamlatho, n'kukweranso tsidya linalo. Pakhomo, zikwama, mafoni ndi makamera zimasiyidwa kwa alonda.

M'kati muli timakachisi tingapo tolumikizidwa ndi masitepe osemedwa pa mwala. Muli mdima, fungo la zofukiza ndi la nyali za batala, ndi mawu a amonke owerenga mapemphero. Phanga lenileni la Guru Rinpoche limakhala lotseka, ndipo limatsegulidwa kamodzi pa chaka. Anzeru amauika ulendo wa ku Taktsang kumapeto kwa masiku awo m'dzikoli, thupi litazolowera mpweya wa kumtunda, ndipo amanyamuka m'mamawa dzuwa lisanawawe.

Kupatula Taktsang, ndi malo ati ena oyenera kuwaona?

Punakha Dzong, yomangidwa mu 1637 pokumana mitsinje ya Pho Chhu ndi Mo Chhu, ndi imene ambiri amaiyesa yokongola kuposa zonse. Ndi mmene munalongedwa mfumu yoyamba, ndiponso mmene musungidwa thupi la Zhabdrung, m'chipinda chimene alendo salowamo. Chigwa cha Punakha n'chotsika, cha mamita pafupifupi 1,200, kotero n'chofunda ndipo amalimamo mpunga. Pa chifukwa chimenechi mkulu wa amonke onse, Je Khenpo, amasamukira kuno ndi gulu lake nyengo yozizira, n'kubwerera ku Tashichho Dzong ku Thimphu kukayamba kufunda.

Msewu wochoka ku likulu la dziko, Thimphu, kupita ku Punakha umadutsa pa mpata wa Dochula, pa mamita pafupifupi 3,100. Pamenepa pali ma chorten 108 omangidwa mu 2004 pokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo ya mu 2003 yothamangitsa zigawenga za ku India zomwe zinamanga misasa m'nkhalango za kummwera. Kukakhala kopanda mitambo, mzere wonse wa nsonga zoyera za kumalire a Tibet umaoneka kuchokera pano. Ku Thimphu komweko, pa chitunda choyang'ana mzinda, pali chifaniziro cha Buddha atakhala pansi, chotalika mamita opitirira 50, chomwe chinamalizidwa mu 2015.

Chakummawa kuli chigwa chotakasuka cha Phobjikha, chomwe pamwamba pake pali nyumba ya amonke ya Gangtey. Chaka chilichonse, kumapeto kwa Okutobala, mbalame zazitali za khosi lakuda zimafika kuno kuchokera ku Tibet kudzathera nyengo yozizira. Anthu a m'chigwachi amaziona ngati zopatulika, ndipo mawaya a magetsi anawadutsitsa pansi pa nthaka kuti zisamakodwe. Kupitirira apo kuli Bumthang, komwe m'zigwa zake zinayi mwachulukana akachisi akale monga Jambay, Kurjey komwe akuti Guru Rinpoche anasiya chidindo cha thupi lake pa thanthwe, ndi Tamshing amene anakhazikitsidwa mu 1501 ndi Pema Lingpa, mphunzitsi wobadwira komweko.

Kodi mlendo angakwere nsonga za mapiriwo?

Sangakwere. Mu 1994 boma linaletsa kukwera nsonga zopitirira mamita 6,000, ndipo mu 2003 linaletseratu masewero okwera nsonga za mapiri. Chifukwa chake ndi chikhulupiriro chakuti pansonga ndi pokhala milungu ndi mizimu yoteteza zigwa, ndipo kupondapo n'kuiputa. Zotsatira zake n'zakuti Gangkhar Puensum, phiri lalitali kuposa onse m'dzikoli, la mamita 7,570, ndilo phiri lalitali kwambiri pa dziko lapansi limene munthu sanapondepo pansonga pake. Magulu amene anayesa mu 1985 ndi 1986, lamulo lisanabwere, anabwerera osafika. Dziko loyandikana nalo la Nepal limapeza ndalama zambiri kwa okwera Everest. Bhutan inaona ndalamazo n'kusankha kuzisiya, ndipo chisankhocho n'choyenera kuchilemekeza.

Chololedwa ndi kuyenda m'munsi mwa nsongazo, kugona m'matenti, katundu atasenzedwa ndi mahatchi kapena ng'ombe zaubweya za kumapiri zotchedwa yak. Njira ya Druk Path, yolumikiza Paro ndi Thimphu kudzera pa zitunda ndi tinyanja ta pamwamba, imatenga masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Njira ya Jomolhari imafikitsa munthu pa msasa wa Jangothang, pa mamita pafupifupi 4,000, moyang'anizana ndi phiri la Jomolhari lomwe limapitirira mamita 7,300 ndipo limatengedwa ngati nyumba ya mulungu wamkazi. Yovuta kuposa zonse ndi Snowman Trek, ya milungu itatu kapena inayi, yodutsa mipata ingapo yopitirira mamita 5,000. Chipale chofewa chikatseka mipata, oyenda amabwerera panjira.

Kodi kukwera pamwamba chonchi kumachita chiyani m'thupi?

Munthu akamakwera, mpweya umapepuka. Pa mamita 3,000, mpweya umene amakoka kamodzi umakhala ndi okosijeni wokwana pafupifupi magawo 70 pa 100 a amene akanakoka m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo pa mamita 5,500 umatsala theka. Thupi limazolowera, koma limafuna masiku. Likathamangitsidwa, matenda a kumtunda amayamba, kawirikawiri kuyambira pa mamita 2,500: mutu kuwawa, nseru, chizungulire, kusafuna chakudya ndi kusowa tulo. Matendawa sasankha. Mnyamata wothamanga mpira angathe kugwa nawo pomwe gogo woyenda pang'onopang'ono akupitirira bwinobwino, ndipo kawirikawiri amphamvu ndiwo amapwetekeka chifukwa amafulumira.

Malangizo a madokotala ndi akuti munthu akapitirira mamita 3,000, malo ogona asakwere ndi mamita opitirira 500 pa tsiku, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi apume tsiku limodzi. Amwe madzi okwanira, apewe mowa masiku oyamba. Zizindikiro zikayamba asakwerenso mpaka zitatha. Zoopsa kwenikweni ndi ziwiri: madzi kudzadza m'mapapo, komwe kumaoneka ndi befu ngakhale munthu atakhala pansi pamodzi ndi chifuwa chonyowa, ndi kutupa kwa ubongo, komwe kumaoneka ndi kudzandira ndi kusokonezeka maganizo. Zikatero mankhwala ake oyamba ndi kutsika nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Alipo mankhwala otchedwa acetazolamide othandiza thupi kuzolowera msanga, koma ayenera kulembedwa ndi dokotala. Amene ali ndi matenda a mtima, a m'mapapo kapena a sickle cell, ndiponso amayi oyembekezera, afunse kuchipatala asanagule tikiti.

Mwayi wa ku Bhutan ndi wakuti Paro ndi Thimphu zili pa mamita a pakati pa 2,200 ndi 2,400, kotero woyendera akachisi okha amazolowera mosavuta.

Ndi nyengo iti yabwino kupitako?

Malichi mpaka Meyi, pomwe maluwa a m'nkhalango amasula m'mapiri, ndi kumapeto kwa Sepitembala mpaka Novembala, pomwe mvula yatha, kumwamba kwayera ndipo mpunga ukupsa m'minda. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala kumagwa mvula yamphamvu yochokera ku nyanja ya Bengal: mitambo imaphimba nsonga, misundu imachuluka m'njira, ndipo nthaka yogumuka imatseka misewu. Disembala mpaka Febuluwale kumazizira kwambiri usiku ndipo mipata ina imatsekeka, koma masana kumawala bwino ndipo alendo amakhala ochepa.

Kodi tshechu n'chiyani?

Ndi chikondwerero cha chipembedzo chokumbukira Guru Rinpoche, chimene chigawo chilichonse chimachita kamodzi pa chaka pa bwalo la dzong kapena la kachisi. Chimagwa cha pa tsiku lakhumi la mwezi wa kalendala yawo yotsata mwezi wa kumwamba, kotero masiku ake amasintha chaka ndi chaka. Cha ku Paro chimachitika cha mu Malichi kapena Epulo, cha ku Thimphu cha mu Sepitembala kapena Okutobala.

Kwa masiku atatu mpaka asanu amonke ndi amuna a m'midzi amavina atavala zigoba za nkhope za milungu, ziwanda ndi nyama, pamodzi ndi zovala za silika zolemera, motsatira ng'oma, zinganga ndi malipenga aatali. Gule aliyense ndi phunziro. Wotchuka kwambiri amaonetsa chiweruzo cha akufa: mbuye wa imfa amayeza zochita za munthu pa sikelo, zoyera mbali ina, zakuda mbali ina, anthu onse akuonerera. Opembedza amakhulupirira kuti amene wazolowera nkhope zoopsazi pabwalo sadzachita nazo mantha akadzakumana nazo atamwalira. Pakati pa ovina pamayendayenda anthu azisudzo a zigoba zofiira otchedwa atsara, amene amaseketsa khamu ndi kusunga bata. Ku Paro, tsiku lomaliza kusanache, amatambasula pa khoma chinsalu chachikulu chosokedwa chithunzi cha Guru Rinpoche, chotchedwa thongdrel, n'kuchipindanso dzuwa lisanachiombe. Anthu amafola mzere usiku kuti akachikhudze ndi mphumi.

Mabanja amabwera atavala zovala zawo zabwino koposa, atanyamula chakudya cha tsiku lonse. Mwambowu si chionetsero chokonzera alendo, ndipo mlendo woimirira kutsogolo kwa nkhalamba zomwe zakhala pansi kuti ajambule bwino amachita chinthu chonyansa.

Kodi munthu wa chipembedzo china amaloledwa kulowa, ndipo azichita bwanji?

Amaloledwa m'malo ambiri, ndipo palibe amene amamukakamiza kugwada kapena kupereka nsembe. Chofunika ndi ulemu. Zovala zikhale zophimba mikono ndi miyendo. Chipewa chimavulidwa polowa m'bwalo, nsapato zimavulidwa pakhomo la kachisi, ndipo chiundo cha khomo amachidumpha osachiponda. Kujambula kumaloledwa pabwalo koma osati m'kati. Pokhala pansi, mapazi asaloze ku guwa kapena kwa mmonke, ndipo posonyeza chifaniziro amatambasula dzanja lonse chikhatho chili m'mwamba, osaloza ndi chala. Pozungulira kachisi, chorten kapena khoma la miyala yolembedwa mapemphero, chinthucho chikhale ku dzanja lamanja nthawi zonse. Ngakhale oyendetsa galimoto amatsata lamuloli chorten ikakhala pakati pa msewu.

Eni dziko polowa mu dzong amavala zovala za fuko lawo: amuna mkanjo wofika m'mawondo wotchedwa gho, ndi nsalu yopingasa paphewa yomwe mtundu wake umasonyeza udindo wa munthu, akazi nsalu yaitali yotchedwa kira. Wosamalira kachisi akathira madzi odalitsidwa m'chikhatho cha mlendo, mwambo ndi kumwako pang'ono n'kupaka otsalawo pamutu. Amene chikumbumtima chake sichimulola angathe kukana mwaulemu, ndipo sizikhumudwitsa aliyense.

Nanga mbendera zamitundumitundu ndi zigubu zozungulira zimene mlendo amaziona paliponse n'zachiyani?

Mbendera zimene zimapachikidwa pa milatho, pa mipata ya mapiri ndi pa madenga zimadindidwa mapemphero, ndipo chikhulupiriro n'chakuti mphepo imawanyamula kupita nawo kwa zamoyo zonse. Mitundu yake isanu imaimira thambo, mphepo, moto, madzi ndi nthaka. Zikasuluka ndi kung'ambika sizichotsedwa msanga, poti kutha kwakeko ndi chizindikiro chakuti mapemphero apita. Mbendera zoyera zazitali zoimikidwa pa mitengo yambiri pamalo amodzi zimakhala za munthu amene wamwalira. Zigubu zozungulira zili ndi mipukutu ya mapemphero m'kati, ndipo kuzizungulitsa kumawerengedwa ngati kuwanena mapempherowo. Zina n'zogwira m'manja, zina n'zazikulu kuposa munthu, ndipo zina zimazungulitsidwa ndi madzi a mumtsinje usana ndi usiku.

Kodi ulendowu umafuna ndalama zingati, ndipo amadzera kuti?

Bhutan ndi dziko lodula dala. Mfundo ya boma kuyambira pachiyambi ndi yolandira alendo ochepa olipira bwino, m'malo mwa chikhamu chowononga malo. Mlendo aliyense amalipira msonkho wa chitukuko pa usiku uliwonse umene wagona m'dzikolo. Dziko litatsegulidwanso mu Sepitembala 2022 pambuyo pa mliri wa Covid-19, msonkhowu unaikidwa pa madola 200 a ku America, kenako mu 2023 unatsitsidwa kufika pa madola 100. Nzika za India zimalipira wocheperapo kwambiri. Pamwamba pa msonkhowu pali viza ya madola 40, malo ogona, chakudya, galimoto, ndi woperekeza alendo wovomerezeka ndi boma, amene amafunika polowa m'malinga ndi poyenda m'zigawo zambiri. Boma limati ndalama za msonkhowu zimathandiza maphunziro ndi chipatala zaulere ndi kusamala chilengedwe. Mitengo imasintha, choncho ndi bwino kufunsa ya chaka chimene munthu akupita.

Alendo ambiri amatera pa bwalo la ndege la Paro. Ndege zimene zimaterapo ndi za makampani awiri a dziko lomwelo, Drukair ndi Bhutan Airlines, zochokera m'mizinda monga Delhi, Kolkata, Kathmandu ndi Bangkok. Bwaloli lili m'chigwa chopapatiza, ndege imakhotakhota pakati pa mapiri isanatere, kotero imatera masana okha ndipo oyendetsa ake amafunika chilolezo chapadera. Nyengo ikaipa ndege imachedwa, ndipo wanzeru amasiya mpata wokwanira pakati pa ndegeyi ndi yobwerera kwawo. Wochokera kummwera kwa Africa amayamba wafika ku Delhi kapena ku Bangkok, kawirikawiri kudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena mizinda ya ku Gulf. Njira ya pamsewu imalowera pa tauni ya Phuentsholing, kumalire ndi India.

Chakudya chake n'chotani?

Mpunga wofiira ndiwo chakudya chenicheni, ndipo ndiwo yake ya tsiku ndi tsiku ndi ema datshi, tsabola wophikidwa ndi tchizi. Kumeneko tsabola si wokometsera ndiwo ayi, ndiye ndiwoyo. Mahotela amachepetsa ukali pophikira alendo. M'zigwa zozizira monga Bumthang amadya zitumbuwa ndi zakudya zina za ufa wa mbewu yotchedwa buckwheat, ndipo paliponse mlendo amalandiridwa ndi suja, tiyi wothira batala ndi mchere.

Kodi n'zoona kuti ndi dziko la chimwemwe chokhachokha?

Mbiri imeneyi inachokera kwa mfumu yachinayi, Jigme Singye Wangchuck, amene anaphunzitsa kuti chitukuko chiyezedwe ndi chimwemwe cha anthu, osati chuma chokha. Mfundoyi yabala zipatso zooneka: malamulo aakulu a dziko a mu 2008 amalamula kuti magawo osachepera 60 pa 100 a dziko akhale nkhalango mpaka kalekale, ndipo pakali pano nkhalango ndi yoposa pamenepo. Koma mlendo woona akachisi okha asaganize kuti waona zonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu pafupifupi 100,000 olankhula Chinepali a kummwera, ambiri a iwo Ahindu, anachoka kapena kuthamangitsidwa pa mkangano wa unzika ndi chikhalidwe, nakhala zaka zambiri m'misasa ya othawa kwawo ku Nepal asanatumizidwe ku America ndi maiko ena. Masiku ano achinyamata ophunzira ambiri akusamukira ku Australia posowa ntchito.

Nazo nyumba zopatulika zili pa ngozi ziwiri. Yoyamba ndi moto, poti ndi zamatabwa ndipo m'kati mumayaka nyali: Drukgyel Dzong inapsa mu 1951, Taktsang mu 1998, Wangdue Phodrang Dzong mu 2012. Yachiwiri ndi madzi. Kutentha kwa dziko kukusungunula madzi oundana a m'mapiri, ndipo nyanja zimene amapanga zingathe kuphulika. Mu Okutobala 1994 nyanja yotere inasefukira mu mtsinje wa Pho Chhu, inapha anthu ndi kuononga gawo la Punakha Dzong.

Ndi masiku angati okwanira?

Mlungu umodzi umakwana kuona chigawo cha kumadzulo: Thimphu, Dochula, Punakha, Paro ndi Taktsang. Wofuna kufika ku Phobjikha ndi Bumthang aonjezere masiku anayi kapena asanu. Pa mapu mitunda imaoneka yaifupi, koma misewu ndi yokhotakhota moti makilomita 70 a pakati pa Thimphu ndi Punakha amadya maola awiri kapena atatu, ndipo ulendo wa pagalimoto wopita ku Bumthang ndi wa tsiku lathunthu, ngakhale kuli ndege yaing'ono yochokera ku Paro. Woyenda wapansi m'mapiri awerengere masiku a njira imene wasankha, kuphatikizapo awiri kapena atatu ozolowera mpweya asananyamuke. Amene akufuna kuona tshechu ayambe wapeza masiku a chikondwererocho, n'kusungitsa malo ogona ndi mpando wa m'ndege miyezi ingapo isanafike nthawiyo, chifukwa pa nyengo imeneyo zonse zimadzaza msanga.